Anatifunsa ndani? Ufulu wa 1964 poyang'anira ku Katete

Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, tsiku la mwambo wa Kulamba, fumbi la ku Mkaika limayamba kukwera dzuwa lisanatenthe. Malole, mabasi ndi njinga zimapatuka mumsewu waukulu wa Great East, galimoto zina zili ndi manambala a ku Malawi, zina za ku Mozambique zolowera pachipata cha Chanida. Amayi avala zitenje zofanana, mbalule ikulira, makanja ndi akapoli akudikira nthawi yawo kuseri kwa bwalo. Kenaka mafumu amafika mmodzimmodzi pamaso pa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, kudzapereka mphatso ndi kunena za kwawo: mvula inagwa bwanji, nkhokwe zili bwanji, anthu akudandaula chiyani.

Pakapita miyezi iwiri, pa 24 Okutobala, paboma la Katete pamachitika mwambo wina, wokumbukira ufulu wa dziko. Ana asukulu amaguba padzuwa lowotcha, mbendera imakwezedwa, akuluakulu amawerenga zolankhula zodzaza ndi mawu awiri, mtendere ndi umodzi. Mawuwa ndi oona, ndipo Zambia ili ndi chifukwa chowanyadira. Koma pali chinthu chachitatu chomwe sichitchulidwa kawirikawiri, chikhalirecho ndicho chinautsa anthu a kuno kuti akane ulamuliro wa Angerezi. Chinthucho ndi chakuti munthu wakumudzi azifunsidwa asanamugamulire za munda wake, za msonkho wake ndi za amene azimulamulira. Mfundo imeneyi ndiyo inali tsinde la ufulu wa 1964, ndipo ndiyonso inayamba kutayidwa ufuluwo utangobwera.

Kuti izi zimveke, tiyambire panthaka.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, wamalonda wina wa ku Germany dzina lake Carl Wiese ananena kuti Mpezeni, mfumu ya Angoni, wamupatsa chilolezo cha malo. Pepala limenelo linasinthana manja mpaka linabala kampani ya North Charterland Exploration, yomwe inadzitcha mwini wa dera la masikweya mailosi 10,000. M'dera limenelo munali midzi ya Angoni, ya Achewa ndi ya Ansenga, manda awo, madambwe awo ndi madimba awo, ndipo ambiri mwa eni akewo sanalione n'komwe pepalalo. Mu Januwale 1898 asilikali otsogozedwa ndi Angerezi anathyola mphamvu za Angoni, pambuyo pake Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Msonkho wa nyumba unatsatira posachedwa. Popeza msonkho unkafuna ndalama ndipo ndalama kumudzi kunalibe, amuna anayamba ulendo wa pansi wopita kuminda ya fodya ya azungu, kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Ena anabwerako ndi njinga ndi bulangete. Ena anasanduka machona, akazi awo n'kukalamba akudikira.

Choipitsitsa chinadza mu 1928, pamene boma linakhazikitsa mwalamulo madera apadera okhalamo anthu akuda m'chigawo chino, kutsatira bungwe lofufuza la mu 1924. Midzi yathunthu inasamutsidwa panthaka yabwino kuti papezeke malo a alimi achizungu amene ankayembekezeka kubwera mwaunyinji. Alimiwo sanabwere monga ankaganizira. Malo olandidwawo anangokhala, tchire linamera pomwe panali minda, nyama zakuthengo ndi kashembe zinabwerera, pamene m'madera opanikizanawo nthaka inaguga, mitengo inatha ndipo njala inakhala mlendo wa chaka ndi chaka. Zinafika poti boma lenilenilo linachita manyazi, ndipo mu 1941 linagula malo a kampani ija n'kuyamba kubwezeramo anthu. Onani bwino dongosolo lake: powachotsa sanawafunse, powabwezera anawalozeranso pokhala. Ngakhale chifundo cha atsamunda chinkabwera ngati lamulo.

Ndiye pamene nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland inafika, anthu a kuno sanafunikire mphunzitsi wa ndale kuti awauze tanthauzo lake. Amuna awo anali atagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, anali atayenda ndi chitupa m'thumba, anali ataona momwe lamulo la malo la kumeneko la mu 1930 linapatsira azungu ochepa pafupifupi theka la dziko. Mafumu ndi atsogoleri a chipani cha African National Congress anakana poyera. Mu Malichi 1953 Harry Mwaanga Nkumbula anatentha chikalata cha boma chofotokoza za chitaganyacho pamaso pa khamu la anthu ku Lusaka. London inamva zonsezi koma inapitiriza, ndipo chitaganya chinayamba chaka chomwecho. Ovota a ku Southern Rhodesia, omwe pafupifupi onse anali azungu, anapatsidwa mwayi wovomereza kapena kukana pa referendamu. Anthu akuda mamiliyoni a kumpoto kwa Zambezi sanapatsidwe mwayi umenewo. Zotsatira zake zinayenda m'njira yomweyo. Damu lalikulu la magetsi lomwe Northern Rhodesia inkayembekeza pa Kafue linapita ku Kariba, Atonga okwana 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa, ndipo ku Gwembe mu 1958 apolisi anaombera anthu amene ankakana kuchoka. Pamene bungwe la Monckton linayendera mayiko atatuwa mu 1960, linapeza kuti chidani cha anthu akuda a kumpoto pa chitaganya chinali chozama kwambiri moti sichikanatha ndi zigamba.

N'chifukwa chake mfuu yaikulu ya Zambia African National Congress, yomwe Kenneth Kaunda ndi anzake anayambitsa mu 1958, ndiponso ya UNIP yomwe inalowa m'malo mwake italetsedwa mu 1959, inali ya munthu mmodzi voti imodzi. Masiku amenewo voti inkayezedwa ndi malipiro, katundu ndi sukulu, zinthu zomwe mlimi wa mtedza wa kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe analibe. Pa chipwirikiti cha Cha Cha Cha mu 1961, chomwe chinakula kwambiri ku Northern ndi ku Luapula, chimodzi mwa zinthu zomwe anthu ankaponya pamoto chinali chitupa, kapepala komuuza munthu wamkulu kumene angapite ndi kumene sangapite. Chisankho cha 1962 chinachitika ndi kaundula wa ovota wogawidwa pawiri, wa apamwamba ndi wa apansi, wokonzedwa mwaukathyali kuti pasapezeke wopambana mowonekera. UNIP inapeza mipando 14, ANC 7, chipani cha azungu cha UFP 16, ndipo panafunika kuti Kaunda ndi Nkumbula agwirizane kuti apange boma. Mu Januwale 1964 ndi pomwe munthu wamkulu aliyense anavota koyamba, mayi wosadziwa kulemba ndi kalaliki wa paboma ali pamzere umodzi, ndipo UNIP inatenga mipando 55 mwa 65 ya kaundula wamkulu. Tsiku limenelo, kuposa usiku wotsitsa mbendera ya Britain, ndi limene lonjezo la ufulu linaoneka ndi maso m'midzi.

Wina anganene kuti uku n'kukometsera mbiri. Anthu akumudzi, iye angatero, sankafuna mfundo. Ankafuna sukulu, chipatala, msewu ndi mtengo wabwino wa chimanga, ndipo akanazilandira kwa aliyense wowapatsa. Mawu amenewa ali ndi mphamvu, chifukwa umphawi umene Britain inasiya unali wochititsa manyazi. Dziko lomwe linali m'gulu la otsogola pokumba kopa padziko lonse linalandira ufulu lili ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha omaliza yunivesite. Kampani ya British South Africa inagwirabe umwini wa miyala ya pansi mpaka maola omaliza, ndipo inausiya italipidwa mapaundi 4 miliyoni, theka lochokera ku Britain, theka ku Zambia. Kuno kum'mawa, zambiri zomwe zinalipo zinali za mishoni: Magwero kuyambira 1899, Nyanje ku Sinda, Msoro, Chassa, ndi chipatala cha St Francis ku Katete chomwe chinayamba mu 1948. Ndipo boma la UNIP linayankhadi njala imeneyi. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, anthu wamba atasonkha zomwe akanatha. Ana a kusekondale, omwe anali pafupifupi 14,000 mu 1964, anapitirira 50,000 pofika 1970. Mlatho watsopano wa pa Luangwa unatsegulidwa mu 1968.

Koma wotsutsayo aiwala kuti chitaganya nachonso chinabwera ndi malonjezo a chitukuko, ndipo zina chinachitadi: misewu, zipatala, magetsi a Kariba. Anthu anachikanabe. Chikanakhala kuti nkhani inali ya mimba yokha, sakanalolera kuchotsedwa ntchito, kumangidwa ndi kuthamangitsidwira kumadera akutali chifukwa cha kapepala koponya m'bokosi. Iwo anali ataona kale kuti sukulu ikuchedwa ndipo nthaka ikulandidwa pa chifukwa chimodzi chomwecho, chakuti wogamula sankaopa kuchotsedwa ndi ogamulidwawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo voti inali njira yoti wamva m'mimbayo afike pachitsekocho yekha m'malo modikira bwanamkubwa kuti amumvere chisoni.

Apa ndi pomwe mbiri ya pambuyo pa 1964 imapweteka. Lamulo la nthawi ya ngozi lomwe linalengezedwa mu Julayi 1964, pa nkhondo ya boma ndi otsatira a Alice Lenshina ku Chinsali ndi ku Lundazi, linali loti lithe zinthu zikakhazikika. Linakhala mpaka 1991, ndipo linkalola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Lamulo la Public Order la mu 1955, lomwe atsamunda ankabalalitsira misonkhano ya omenyera ufulu, linasungidwa bwinobwino ndipo maboma onse otsatira analigwiritsa ntchito pa otsutsa awo. Mu Juni 1969 anthu anaitanidwa ku referendamu kuti avomereze kuti mtsogolo malamulo aakulu a dziko azisinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo popanda referendamu ina. Boma linati likufuna mphamvu zolandira migodi m'manja mwa alendo, ndipo ovota pafupifupi 85 mwa 100 alionse anavomera. Anafunsidwa kamodzi ngati akulola kuti asamafunsidwenso.

Patangopita zaka zitatu, pakhomo lomwe linatsegulidwa tsiku limenelo panadutsa katundu wina. Mu Febuluwale 1972 chipani cha UPP cha Simon Kapwepwe chinaletsedwa, iye ndi anzake oposa 100 anatsekeredwa, ndipo Kaunda analengeza kuti dziko likhala la chipani chimodzi. Bungwe lotsogozedwa ndi Mainza Chona linayenda m'zigawo kumva maganizo a anthu, koma silinaloledwe kufunsa ngati anthuwo akufuna chipani chimodzi. Linkafunsa za kaonekedwe kake basi. Ngakhale zomwe linapeza, monga zoti pulezidenti akhale ndi malire a zaka zolamulira ndiponso kuti pampandowo pazipikisana anthu angapo, boma linazikana. Kuyambira 1973 wovota wa ku Vubwi kapena ku Kapoche ankalandira pepala lokhala ndi dzina limodzi. Pa inde pankajambulidwa nkhwazi ya pambendera. Pa ayi pankaikidwa nyama yonyozeka, chaka china fisi, chaka china chule. Mayi uja amene anaima pamzere mu 1964 anapatsidwa ufulu wosankha pakati pa Kaunda ndi chule.

Oteteza nthawi imeneyo ali ndi yankho lolemera, ndipo si anthu opusa. Amati dziko linali pafupi kung'ambika. Pamsonkhano wa UNIP ku Mulungushi mu 1967, magulu a zigawo anapangana mwamitundu, ndipo Reuben Kamanga, mwana wa kum'mawa amene anali wachiwiri kwa pulezidenti kuyambira 1964, anagonja kwa Kapwepwe. Kuwawidwa mtima kunabala gulu la Umodzi Kum'mawa. Mu Febuluwale 1968 Kaunda anatula pansi udindo kwa usiku umodzi atatopa ndi mikangano ya mitundu. Kunja nako kunali moto: Ian Smith kumwera kuyambira 1965, Apwitikizi akumenyana ndi Frelimo ku Tete, pamtunda wa maola ochepa kuchokera ku Katete, ndi nkhondo ya Biafra yosonyeza chomwe chimachitika dziko likagawanika. Zonsezi ndi zoona. Ndi zoonanso kuti kutumiza mphunzitsi wa ku Mongu kukaphunzitsa ku Sinda, ndi namwino wa ku Katete kukagwira ntchito ku Mansa, kunalukanitsa mabanja mwa njira yomwe mpaka lero ikuteteza dziko. Koma zimenezi zinkachitika kale zipani zili zingapo, ndipo sizinafune kuti wina atsekeredwe. Komanso mayeso a mfundoyi anadza mu 1991. Zipani zinabwerera, Frederick Chiluba wa chipani cha MMD anapambana ndi mavoti pafupifupi 76 mwa 100 alionse, Kaunda anavomera kugonja, ndipo dziko silinang'ambike. Chomwe chinatsala pang'ono kuligwetsa chinali mkwiyo wa anthu osowa polankhulira, womwe unaphulika pa zipolowe za mtengo wa ufa mu 1986 ndi mu Juni 1990.

Pali funso lina lomwe limakhudza kuno mwachindunji. Pa chisankho cha 1991, UNIP inapeza mipando 25 yokha mwa 150, ndipo 19 mwa imeneyo inali mipando yonse ya chigawo cha Kum'mawa. Kodi izi sizikusonyeza kuti anthu a kuno sankadandaula ndi chipani chimodzi? Yankho lake lili m'nkhokwe. Alimi a kuno anali ndi zifukwa zawo zowerengeka: feteleza wotsika mtengo, ngongole za ulimi, msika wa boma ndi wa makopaletivu womwe unkagula chimanga pamtengo umodzi ngakhale mudzi utalikire bwanji ndi njanji. Ankaopa kuti boma latsopano lichotsa zimenezi, ndipo linazichotsadi. Kuvotera UNIP pamene dziko lonse likuvotera MMD kunali kugwiritsa ntchito ufulu womwewo umene chipani chimodzi chinawamana, ufulu wonena kuti ife tikuona mosiyana. Ndipo amene anawamana ulendo wotsatira sanali Kaunda. Mu 1996 boma la MMD linasintha malamulo kuti wopikisana pa upulezidenti akhale wa makolo obadwira m'Zambia, podziwa kuti makolo a Kaunda anachokera ku Nyasaland. Linachita izi litakana malangizo a bungwe la Mwanakatwe oti malamulowo adutse kaye kwa anthu. M'dera ngati lino, momwe agogo a munthu angakhale a ku Mchinji kapena a ku Chifunde popanda wina kudabwa, lamulo lotere linkanyoza mabanja ambiri kuposa la Kaunda lokha.

Nanga mafumu? Achinyamata ena ophunzira amati ufumu ndi ufulu wa voti n'zosayendera limodzi, ndipo amakumbutsa kuti atsamunda ankalamulira kudzera mwa mafumu, kuwapatsa malipiro ndi makhoti kuti azitolera msonkho. Zimenezi zinachitikadi, ndipo ngakhale kukhazikika kwa Undi mbali ino ya malire, atachoka ku Mozambique m'zaka za m'ma 1930, kunadutsa m'manja mwa boma la atsamunda. Koma Kalonga Gawa Undi X, amene analowa ufumu mu 1953, chaka chomwe chitaganya chinayamba, anaima ndi omenyera ufulu ngakhale malipiro ake ankachokera kwa omwe ankawatsutsawo, monga momwe katswiri wa mbiri Walima Kalusa analembera m'buku la moyo wake. Mphotho ya mafumu otere inali yochepa. Malamulo a mu 1965 anachotsa maulamuliro awo a m'madera n'kupereka mphamvuzo ku makhonsolo ndi ku chipani, ndipo Nyumba ya Mafumu inatsala yongolangiza. Mwambo wa Kulamba, womwe Achewa amati atsamunda anauletsa mu 1934, unadzatsitsimutsidwa mu 1984, patapita zaka 20 ufulu utabwera. Choncho funso loyenera kufunsa mfumu ndi lomwelo loyenera kufunsa nduna: kodi musanasaine munawafunsa eni ake?

Funso limeneli lili ndi mano lero chifukwa cha lamulo la malo la mu 1995. Lamuloli limalola kuti malo a makolo asandulike malo a chikalata cha zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Limanenanso kuti anthu amene angakhudzidwe afunsidwe kaye. Vuto ndi lakuti kumudzi umboni wa munda ndi mitengo ya mango, manda a makolo ndi mawu a nyakwawa, pamene wobwera ndi ndalama amakhala ndi mapu ndi sitampa. Kwa Achewa, komwe munda umayenda m'mbumba ya akazi, amene amalima mundawo nthawi zambiri ndi mayi yemwe dzina lake silipezeka papepala lililonse, ndipo akhoza kudziwa za malondawo tsiku lomwe waona zikhomo za simenti m'mphepete mwa mizere yake. Malo akangolowa m'chikalata sabwereranso kumudzi mosavuta. Kusiyana kwa zimenezi ndi pepala la Carl Wiese ndi kwakuti osaina a lero ndi athu.

Si zonse zomwe zabwerera m'mbuyo. Ovota achotsa chipani cholamula katatu, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, ndipo katatu konse wogonja anachoka. Sinda ndi Vubwi zinakhala maboma paokha mu 2012, zomwe zinafupikitsa ulendo wa munthu wofuna kukaonana ndi ofesi. Mu 2022 thumba la chitukuko la dera la phungu aliyense linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo malamulo ake amati ntchito zizichokera m'makomiti a m'mawodi. Ndalama zimenezi zikufika ku Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi, ndipo makalasi, madesiki ndi mijigo zikuoneka. Chomwe sichioneka pa chikwangwani cha kontilakitala ndi momwe ntchitoyo inasankhidwira: ngati msonkhano wa wodi unaitanidwadi, ngati unachitika pa tsiku ndi malo oti amayi olima angafikepo, ndiponso ngati mndandanda womwe unapita ku khonsolo ndi womwewo umene anthu anagwirizana. Mabuku a misonkhano imeneyi amayenera kusungidwa ndi makomitiwo, ndipo munthu aliyense wa m'wodimo angapite kukapempha kuti awaone.